Galimoto ya malume: kodi cinthu coukitsidwa ncayani?

Abale anga, ena mwa inu amene mudayendapo pa mseu wocokera ku Insaca kunka ku Entre-Lagos m'zaka zapitazo mungakumbukire galimoto ina yakale imene inkagona patsinde pa mtengo wa mango, matayala ace atamira m'dothi, nkhuku zirikuikira mazira pansi pa ciongolero. Ana a sukulu ankaseweramo, amai ankayanika cinangwa padenga pace, ndipo anthu polongosolera mlendo njira ankati: "Mukafika pa galimoto yakufa, mukhotere kumanzere." Galimoto imeneyo idali ya malume anga. Lero irikuyenda, ndipo kuyenda kwaceko kwandibweretsera mlandu umene sindidauyembekeze. Ndafuna kuulemba pano cifukwa ine mwini ndimaphunzitsa lamulo lacisanu ndi ciwiri caka ndi caka kwa ofuna ubatizo, ndipo ndaona kuti nkosavuta kulifotokoza ndi citsanzo ca mbuzi yobedwa usiku, koma nkovuta ndithu pamene cinthuco ciri pakhomo pako, thukuta lako lomwe litagwera pomwepo.

Galimotoyo ndi Land Rover ya mtundu wochedwa Series IIA, yaitali ija ya mainci 109 pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ya injini ya dizilo ya malita awiri ndi kota. Nyali zace ziri pakati, moyandikana ngati maso a kadzidzi, cizindikiro cakuti idapangidwa caka ca 1969 cisadathe, pakuti pambuyo pace opanga adazisamutsira m'mbali. Malume adali woyendetsa wa Mpwitikizi wina wa sitolo amene ankagula mpunga ndi nsomba zouma za ku nyanja ya Chirua. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, mzunguyo adanka kwao nasiya kiyi m'manja mwa malume. Kwa ena malume ankati idali mphatso, kwa ena ankati adali malipiro a miyezi imene sadalandire, malinga ndi amene adali kumvera. Mu 1986, nkhondo itafika m'midzi mwathu, iwo adacotsa batire ndi pampu ya dizilo, nazikwirira m'munda, ndipo tidathawira ku Malawi, m'boma la Machinga. Ine ndidali ndi zaka zisanu ndi cimodzi. Dambo lonse ndidaoloka ndiri paphewa pao. Iwo adatsikira kuli cete komweko mu 1991. Ife tidabwerera mu 1994, mtendere wa ku Roma wa pa 4 Outubro 1992 utakhazikika, ndipo tidapeza nyumba zitapsa, galimoto yokha iri pamalo pace.

Idagona pamenepo zaka zina 25. Mu 2019 kudafika anthu ogula zitsulo zakutha, amene timawacha a sukata, ndi sikelo yao, ndipo adandiuza mtengo wa pa kilo. Akazi anga adakondwa. Adati: "Bambo, citsulo sicidyedwa. Mwana afuna ndalama za ku sekondale, denga lirikudontha. Gulitsani tipume." Ine ndidakana, ndipo ndidayankha ndi mau okoma: ndidati galimoto ikadzuka idzanyamula odwala ndi amai apakati kunka nao ku cipatala, idzatenga mpunga wa anthu nthawi ya dzinja pamene malole aopa makande a m'dambo. Mauwo sadali abodza, komanso sadali cifukwa ceniceni. Masiku ano njinga zamoto zirikufika paliponse, ndipo wodwala amafika ku Insaca msanga koposa m'mene ankafikira kale. Cifukwa ceniceni cidali cakuti sindidafune kuona cinthu ca malume cirikudulidwa ndi macaka ngati ng'ombe pa msika. Kodi cikondi ca pa womwalira ncifukwa cokwanira cotayira cuma? Ndiyesa kuti ncifukwa ndithu, pakuti munthu sali ngati mbuzi imene iiwala mai wace. Koma ncifukwa cimene mwini cikondiyo ayenera kulipira ndi zace. Ine ndidalipirako ndi za ena: caka caciwiri ndidagulitsa matumba asanu a mpunga osawauza akazi anga, ndipo mwana wathu adayamba sukulu mocedwa ndi mwezi wathunthu. Nkhani ya matumba asanuwo idzabweranso kutsogoloku.

Tsono ndiyambe ndafotokoza za dzimbiri, pakuti amene sadagonepo cagada pansi pa galimoto yotere sangamvetse vuto lace. Land Rover ndi galimoto yonyenga maso. Pamene Maurice Wilks ndi anzace a kampani ya Rover ankaipanga ku Solihull, ku England, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse idali itangotha, ndipo boma linkagawa citsulo pang'ono-pang'ono. Motero thupi la galimoto adalipanga ndi aluminiyamu wosakaniza ndi magineziyamu, ndipo adaionetsa koyamba ku Amsterdam pa 30 Abril 1948. Aluminiyamu akakumana ndi mpweya amadzipangira kakhungu kopyapyala kamene kamachinga za m'kati, ncifukwa cace sadyedwa monga citsulo. Thupi la galimoto ya malume, pambuyo pa zaka 33 za mvula ndi dzuwa, lidali lolimbabe, longosuluka utoto. Anthu ankaligogoda nanena kuti: "Azungu akale ankadziwa kupanga zinthu! Ingofuna batire basi."

Koma cimene cinyamula galimoto si thupi ai, ndi shasi, mafupa aja a citsulo amene ali pansi. Shasi ya Land Rover adaipanga poocherera mapale anai a citsulo, ocindikala ngati mamilimita awiri, kuti akhale ngati bokosi lalitali la mphako m'kati. Matope amalowa m'mphakomo ndipo saturuka. Matope amasunga madzi, ndipo citsulo, madzi ndi mpweya zikakhala pamodzi zimabala dzimbiri. Dzimbiri silichinga kanthu monga kakhungu ka aluminiyamu kaja, koma limafufuma kupambana citsulo cimene lacokerako, limasendeka ngati makungwa, ndipo limasiya citsulo catsopano poyera kuti nalo lidyedwe. Mcere umafulumizitsa nchitoyi, ndipo tonse tidziwa kuti madzi a Chirua ngamcere, kumene malume ankapita kukatenga matemba ndi milamba. Cotero shasi imaola kucokera m'kati, kunja kuli bwino. Pamene aluminiyamu akhudzana ndi citsulo pa cinyezi, pamenepo ndiye amene amadyedwa, nasanduka fumbi loyera ngati ufa.

Makaniko woyamba amene ndidamuitana adayang'ana ndi maso okha, nati: "Aphunzitsi, musavutike. Timata masa m'maenjemo, tipaka penti yakuda, palibe amene adzadziwa." Mtengo wace udali wocepa, ndipo kunena zoona mtima wanga udapendekera komweko. Waciwiri adali mkulu wina amene adagwirapo nchito ya zitsulo ku njanji. Iyeyu sadalankhule, adangopempha nyundo yaing'ono nakwawira pansi. Pamene citsulo cidali camoyo, nyundo inkalira kuti nge! nge! Pamene cidali cowola, inkangoti phu, ndipo kumbuyo kweni-kweni, pa mtanda wotsiriza wa shasi, idalowa yonse mpaka mpini. Ataturuka adandionetsa kapaipi ka mabuleki, nakathyola ndi zala ziwiri ngati phesi. Adati: "Galimoto za mtundu uwu ziri ndi njira imodzi yokha ya mafuta a mabuleki. Kapaipi kamodzi kakabooka, matayala onse anai atha mphamvu. Inu mukuti mudzanyamula amai apakati?"

Taonani, abale, m'mene bodza lingakhalire popanda liu ndi limodzi lomwe. Ndikadalola masa ndi penti, sindikadanamiza munthu ndi pakamwa. Koma mai wokwera galimoto ali ndi mwana kumbuyo sangakwawire pansi ndi nyundo. Iye amaona utoto wowala, amaona katekisiti amene amamdziwa, ndipo amakwera. Moyo wace waupereka m'manja mwa munthu amene adagona pansi paja naona zimene zidalipo. Ena amati: "Wogula kapena wokwera adzionere yekha." Mau amenewa angakhale ndi malo pa msika wa nsomba, pamene wogula ali ndi mphuno monga wogulitsa. Pamene mmodzi yekha ndiye angathe kuona, udindo wonse uli pa woonayo. Ndipo penti yopakidwa pa dzimbiri siimangobisa cabe, imatsekeranso cinyezi m'kati, kotero kuti kuola kumapitirira pamene eni ace aleka kukuyang'anira. Pa mfundo iyi sindidakayikenso. Makaniko woyamba ndidamlipira ulendo wace, napita.

Nchito idatenga zilimwe zinai. Tidacotsa thupi lonse ndi kuliika pa migolo, shasi tidaikokera ndi ngolo kumene kuli magetsi, ndipo mkulu uja adadula zowola zonse mpaka pamene citsulo cinkawala, naocherera zatsopano. Mtanda wakumbuyo udapangidwa wonse watsopano, pamodzi ndi mikono itatu ya m'mbali ndi pansi pamene woyendetsa aponda. Mamola tidawamasula tsamba ndi tsamba, kuwapala ndi burashi ya waya ndi kuwapaka girisi. Injini idali itagwirana. Tidathira dizilo m'masilinda ndi kudikira masabata asanu ndi limodzi, tsiku ndi tsiku ndirikuyesa kuipotoza pang'ono ndi citsulo cacitali, kufikira m'mawa wina idagwedezeka. Pampu imene malume adakwirira sitidaipeze, pakuti mtengo umene udali cizindikiro udadulidwa. Zipangizo zina zidacokera ku Nampula, zina ku Limbe kudzera pa Nayuchi, zambiri zogwirapo kale nchito. Potsiriza tidathira oilo wakutha m'mphako za shasi, monga amacitira eni galimoto zakale. Pa mwezi wa Agosto 2023 injini idalira, utsi wakuda udadzaza pabwalo, ndipo nkhuku zidabalalika.

Pa Khirisimasi ya caka comweco kudafika msuweni wanga, mwana wacisamba wa malume, amene akhala ku Nampula. Adazungulira galimoto kawiri, naseka monga amacitira asuweni, nati: "Asuweni, mwacita bwino kundisungira galimoto ya bambo anga. Kiyi ali kuti?" Ndidayesa cipongwe ca cisuweni, koma pofika madzulo ndidazindikira kuti adanena ndi mtima wonse.

Usiku umenewo sindidagone, ndipo nzeru za kusukulu zidandithamangira kudzandithandiza, monga zimacitira pamene munthu afuna kudzilungamitsa. Ndidakumbukira nkhani imene Plutarco adalemba ya ngalawa ya Teseu. Anthu a ku Atenas adasunga ngalawayo zaka mazana, ndipo thabwa likaola ankalicotsa ndi kuikapo lina, mpaka anthu anzeru adayamba kutsutsana: ena ankati ndi ngalawa yomweyo, ena ankati ndi ina. Pambuyo pace Mngelezi Thomas Hobbes, m'buku lace la mu 1655, adaonjezapo funso lina: nanga munthu wina akadatola matabwa otayidwawo ndi kuwalumikizanso, ngalawa ya Teseu ikadakhala iti pa ziwirizo? Ife kuno tiri nalo funso lomwelo pa khasu la agogo, limene mpini wace udasinthidwa katatu ndipo citsulo cace kamodzi. M'mawa ndidamtenga msuweni kunka naye kuseri kwa khicini, kumene kudali mulu wa zitsulo zowola zimene tidadula, ndipo ndidati: "Galimoto ya bambo anu ndi iyi. Tengani, a sukata akupatsani mtengo wace. Iyo iri pabwaloyo ndi yanga."

Yankholo lidandikoma m'kamwa tsiku limodzi lokha. Pa shasi ya Land Rover pali nambala yodindidwa pa citsulo, kutsogolo kudzanja lamanja, pamene mola imagwira. Pamene tinkadula zowola, mkulu uja adandifunsa ngati tidule pamenepo, ndipo ine ndidakana kwamphamvu, ndidati tizungulire, pakuti nambala imeneyo ndiyo dzina la galimoto ya malume. Zaka zinai ndinkauza akazi anga, anansi ndi mtima wanga kuti ndirikuukitsa galimoto ya malume. Ndikadafuna galimoto cabe, ndalama zomwezo zikadagula njinga zamoto ziwiri. Tsono ndingathe bwanji kunena kuti ndi yomweyo pamene ndifuna kuti anthu andiyamikire, ndi kunenanso kuti ndi ina pamene mwini wace afika? Anzeru a ku Atenas ankatsutsana popanda cotaya. Ine ndidasankha mbali cifukwa ca phindu, ndipo mbali imene ndidasankha idatsutsidwa ndi nchito ya manja anga omwe.

Ndidayesanso khomo lina, la mwambo. Kwathu kuno cuma ca mwamuna cinkatsata mbumba yace, ndipo mwana wa mlongo ndiye ankalowa m'malo mwa malume. Lamulo la boma liyang'ana ana ndi mkazi wa womwalira. Ndikadatha kuima pa mwambo, ndipo akulu ena akadandicirikiza. Koma mwambowo umapatsa mwana wa mlongo cuma pamodzi ndi katundu wace: kusamala mbumba, kukhala pa milandu, kulera amasiye. Ine m'zaka 25 zija sindidaitanitsepo msonkhano wa banja kuti galimoto ipatsidwe kwa ine, cifukwa idali yopanda phindu. Sindidalembere msuweni ngakhale kalata imodzi mu 2019 kumuuza zimene ndidafuna kucita. Cifukwa ninji? Ndidaopa kuti adzati tigulitse tigawane. Ndiye kuti ndidadziwa kuyambira pa ciyambi kuti iye ali ndi mau pa cinthuco, ndipo ndidamlambalala dala.

Komabe musafulumire kundiweruza ndekha, pakuti msuweni nayenso sadaime poyera. Kukhala mwini cinthu si dzina lokha. Iye adabwera kumudzi nthawi zambiri m'zaka zonsezo, adakhala pa mthunzi wa mango womwewo, ndipo sadacotse ngakhale cisa cimodzi ca nkhuku. Dzimbiri silifunsa kuti mwini ndani, limadya ca munthu aliyense amene sayang'anira. Pakadapita zaka zina khumi shasi ikadathyoka pakati, ndipo colowa cace cikadakhala makilo a aluminiyamu pa sikelo ya a sukata. Munthu amene asiya munda wa makolo ace kuti umere thengo, wina nkuuswa mphanje, nkuzula zitsa, sataya mundawo cifukwa ca ulesi wace, koma sangabwere pa nthawi ya masika ndi nkhokwe yopanda kanthu nanena kuti cimanga conse ncace. Thukuta nalonso liri ndi mwini. Kutenga nchito ya mnzako ya zaka zinai ndi mau akuti "zikomo pondisungira" kulakwira lamulo lomwelo limene ine ndidalilakwira posamfunsa. Cinthu cidali cace ndi ca abale ace, moyo umene uli m'cinthuco udacokera kwa ine, ndipo ziwirizi sizingapatulidwenso ndi macaka, popeza zidaocheredwa pamodzi.

Tidakhala pansi pa mango uja Lamulungu lotsatira, titaturuka m'chalichi. Adaweruza ndi amai aang'ono, mlongo wotsala wa malume, amene sadziwa kuwerenga ndipo za Plutarco sadazimvepo. Adamva mbali zonse, nati: "Ana inu, mlongo wanga adali ndi galimoto imodzi, sadali ndi ziwiri. Dzina lace likhale pa ana ace. Koma galimoto ikhale pano pamene yadzukira, pakuti ku Nampula ikafa palibe amene adzagone pansi pace." Adalamula kuti zonse zimene ndidaononga zilembedwe m'kope, ndipo ndalama zimene galimoto idzapeza ponyamula mpunga ziyambe zabweza zimenezo, zotsala tidzagawane. Pamenepo akazi anga, amene adali cete tsiku lonse, adagwada nati: "Amai, m'kopemo muyambe kulemba matumba asanu." Anthu adafunsa kuti matumba ati, ndipo ine ndidayenera kufotokoza pamaso pa onse, ena mwa iwo ndi anthu amene ndidawaphunzitsa katekisimu. Amai aang'ono adati ngongole imeneyo ndiyo yoyamba, ndipo ibwezedwe kwa mwini nkhokwe, osati kwa ine.

Palibe mwa ife awiri amene adacoka wokhutira. Msuweni adayembekeza kiyi, ine ndidayembekeza dzina. Mpaka lero, ndikakhala pa ciongolero, mtima umandiuza kuti galimotoyi ndi yanga, ndipo kope liri m'bokosi la pansi pa mpando limandiuza zina. Palinso funso limene palibe adalidzutsa pansi pa mango paja, la zidzukulu za Mpwitikizi uja, ngati kiyi wa mu 1975 adali wongosungitsa. Ndidaliganizira, koma ndidaona kuti tsiku limenelo milandu idali itakwana.

Matumba asanu adabwezedwa pa masika a 2024. Mvula ya caka cimeneco itatha ndidakwawiranso pansi ndi nyundo, monga adandilangizira mkulu uja kuti ndizicita caka ciriconse, ndipo pa msoko wina wa mtanda watsopano ndidapeza kadontho kofiira, kakang'ono ngati njere ya mapira. Ndidakajambula pa foni ndi kumtumizira msuweni, ndi funso lakuti: "Asuweni, galimoto njanu, nanga dzimbiri ili nlayani?" Sadayankhe. Patapita masabata awiri, mnyamata wina wotsika sitima ya ku Nampula pa Cuamba adandibweretsera citini ca penti yofiira yochinga dzimbiri, ndi burashi ya waya yatsopano, popanda kalata.